Mbale za Pansi pa Nyanja

Ndende ya ku Nacala, Mozambique
6 Malichi 2023

Okondedwa asisi Febby,

Moni kwa inu, kwa Amama ndi kwa ana onse ku Kabwata. Ndikhulupirira muli bwino. Ine kupuma ndikupuma, koma poti mwaona kale pamwambapa kumene ndikulembera, sindinama kuti ndili bwino. Anandigwira pa 9 Febuluwale. Foni analanda tsiku lomwelo, ndiye ngati munkaimba osandipeza musayese mwano. Kalatayi ndapatsira ba Chibwe, dalaivala wa thiraki ya feteleza amene anakubweretserani katoni pa Khirisimasi. Ndi okhawo amene amadzandiona akafika kudoko.

Mlandu wake ndi katoni yomweyo. Mbale khumi ndi ziwiri zoyera za zojambula zabuluu zimene ndinatumizira Amama sindinagule monga ndinanenera. Ndinaba. Ndalemba ndekha liwulo kuti inu musavutike kulifunafuna.

Mukudziwa kuti ndinasiya kukonza mathiraki n'kulowa ntchito pa boti la kampani yovuula zinthu m'nyanja. Ine m'madzi sindilowa, changa ndi kuyang'anira makina opopera mpweya kwa anthu otsikira pansi. Pansipo pali chombo cha Apwitikizi chimene chinamira zaka mazana anayi zapitazo chitasenza mbale za ku China. Matabwa anaola kalekale, koma mbale zinangokhala mumchenga zosanjikizana ngati za m'shopu ku Kamwala. Zikatuluka timaziviika m'madzi opanda mchere kwa milungu ingapo, kenaka mayi wina wa ku nyumba yosungira zakale amalemba nambala kunsi kwa iliyonse n'kuijambula chithunzi. Zonsezo ndi za boma la kuno.

Zinali zambirimbiri, asisi, ndipo ndinati ndani angawerenge zonsezi. Ndinakumbukira kabati ya magalasi ya Amama, muli makapu atatu oduka zogwirira ndi maluwa apulasitiki, ndi mmene Cathy wa amalume amaiyang'anira akabwera kuchokera kwake ku Woodlands. Zaka zisanu ndi zinayi ndili kuno, chooneka chimene ndinatumizako palibe. Ndinafuna kuti Amama akhale ndi chinthu chimene Cathy sangachipeze ngakhale ndi ndalama za mwamuna wake. Kupusa kwanga konse kunathera pamenepo, ndipo eni ake anawerenga.

Loya amene andipatsa akuti mlandu ulowa pa 15 Juni. Zikabwerera zonse khumi ndi ziwiri tsikulo lisanafike, woweruza andiona ngati wantchito wopepera ndipo chilango chichepa. Ikasowa ngakhale imodzi aziti ndinagulitsa kunja, ndipo pamenepo akutchula zaka zisanu ndi zitatu. Chifuwa changa chija mukuchidziwa. Zaka zimenezo muno sindingazimalize.

Chonde zikulungeni m'manyuzipepala, iliyonse payokha, mupatse ba Chibwe. Chikalata chodinda cha kukhoti chodutsira pamalire ali nacho. Musazikweche, tizigoba tomatirira tija ndi nambala za kunsi zikhale momwemo. Amama musawauze, kuthamanga kwa magazi kuja kungawagwetse. Muwanamize kuti ndikufuna kukazisintha ndi zina zokongola koposa.

Ngati mungathe, ikanimo sopo ndi kapenta pang'ono. Mundiuze za miyendo ya Amama ngati yaleka kutupa.

Ine mlongo wanu,
Gilson

Kabwata, Lusaka
24 Malichi 2023

Gilson,

Kalata yako ndalandira. Ife tadzuka. Ndinaiwerenga chilili pageti ba Chibwe akundiyang'ana, ndipo nditafika pakati ndinangokhala pansi pa simenti pomwepo.

Iwe, munthu wamkulu wa imvi m'ndevu, wobatizidwa, unakasowa chiyani kuti ukabe mbale za anthu akufa? Ukanatumiza shuga ndi mafuta ophikira Amama akanavina chimodzimodzi. Mu Febuluwale ndinakuimbira mpaka chala kuwawa. Ndinatuma mauthenga, ndinafunsa madalaivala ku siteshoni ya mabasi ya Intasite, palibe amene ankadziwa kumene uli. Ndinakutukwana mumtima matukwano amene sindingalembe papepala. Theka lake ndabweza lero, theka linalo ukuliyenera.

Sopo ndaika, kapenta, chiponde, ndi juzi ya malemu alamu ako. Uzivala usiku chifukwa cha chifuwacho.

Mbale ulendo uno sizibwera. Pali zoti ndikonze kaye, ndipo usandipanikize ndi mafunso. Ba Chibwe akuti abwereranso kawiri Juni asanafike. Ndichita zonse zimene mkazi wa miyendo iwiri angachite, koma undipatse nthawi.

Za kunyumba ndidzakulembera bwino mutu ukakhala pamalo. Upemphere, ngati sunaiwale mapempheredwe.

Mlongo wako,
Febby

Kabwata, Lusaka
25 Malichi 2023

Kwa Mayi Keziah Mbewe, Katete

Amama aang'ono,

Ndikupatsani moni pamodzi ndi onse kumudzi. Kodi munafika bwino pobwerera kumaliro, nanga msana uja? Ndalemba kalata n'kupatsira kondakitala wa basi chifukwa foni yanu imakhala ndi apongozi anu, ndipo nkhani iyi si yoti mudzi wonse umve.

Gilson wapezeka. Sanatitaye monga tinkanenera pamaliro paja. Ali m'ndende ku Mozambique chifukwa cha mbale zabuluu zimene zinali m'kabati ya Amama. Anazitenga kuntchito popanda chilolezo, ndipo eni ake akuzifuna zonse khumi ndi ziwiri pofika pa 15 Juni. Ikapanda kukwana nambala, akhala zaka zisanu ndi zitatu.

Iye sakudziwa kuti Amama anatisiya pa 19 Febuluwale. Sakudziwa kuti tinawaika ku Leopards Hill. M'kalata yake akufunsa ngati miyendo yawo yaleka kutupa. Dzulo ndinagwira cholembera kuti ndimuuze, dzanja linakana. Munthu ali yekha pakati pa anthu olankhula Chipwitikizi, ndimuuza bwanji, adzalirira paphewa la yani?

Tsiku logawa katundu, inu ndi amalume mutayala zonse pamphasa kuseri kwa nyumba, mutu sunali wanga. Ndinkangovomera chilichonse. Lero ndatsegula kabati ndapezamo zitatu zokha. Ndikukumbukira kuti Cathy anasankha zinayi, poti ndiye anagula bokosi ndipo panalibe womukaniza. Zisanu zinazo sindikudziwa kumene zinalowera. Inu ndinu munkaitana maina, ndiye mukudziwa.

Mwambo ndikuudziwa, amama. Chogawidwa pamaliro sachilondola, ndipo amene achilondola amakhala ngati akunena kuti abale ake anaba. Manyazi ake ndawamva kale pamene ndikulemba pano. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndikugwadirani, ndithandizeni kuzisonkhanitsa, ndipo musazitsuke ndi mchenga.

Mwana wanu,
Febby

Katete
9 Epulo 2023

Wokondedwa mwana wanga Febby,

Ndakondwa kupeza danga lakuyankha kalata yako. Kuno tili bwino, chimanga chacha, koma msana sunasinthe. Za Gilson zandimvetsa chisoni. Mwana amene ndinamubereka kumsana mayi ake ali kuntchito, lero wakhala wakuba wa m'nyanja.

Wandichititsa chinthu chimene sindinachionepo chibadwire. Ndapita kwa amalume ako, munthu wamkulu, kukawalanda za mlongo wawo. Imodzi anali atayamba kusungiramo fodya wawo wofwenkha, inayo apongozi awo ankaikamo mchere. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anakhuthula fodyayo papepala n'kundipatsa. Ziwiri zawo ndi ziwiri zanga ndaziika mu dengu la mtedza, ukalandire kwa kondakitala yemweyo Lachinayi. Chibale ndi fupa, sichiola, ndiye ndachita. Koma usaganize kuti sizinawawe.

Tsopano yachisanu. Imeneyo sinafike pamphasa. Iwe wemwe ukudziwa kuti kuyambira Khirisimasi mkulu wanga sankalola phala m'mbale ina koma ija ya gwape pakati. Ankati ya mwana wanga. Tsiku loika, abusa atachoka ndipo iwe amayi a Chigwirizano atakunyamula kupita nawe kubasi, ine ndinatsalira ndi amayi awiri akwathu. Mbaleyo ndinali nditaibisa m'chitenje. Ndinaiika kumutu kwa manda n'kuiswa ndi mwala, monga tinachitira kwa agogo ako kuno. Munthu amapita ndi mbale yake. Timaiswa kuti wodutsa asaitole, komanso kuti mwini wake adziwe kuti za pansi pano zatha. Sindinakuuze chifukwa inu a m'tauni mumathamangira kunena kuti ndi zachikunja.

Ndikuchenjezeretu, poti mtima wako ndimaudziwa. Usakaguleko pamanda paja. Chimene chaperekedwa kwa wakufa ndi chake. Ukachichotsa wamulanda mayi wako chakudya pakamwa, ndipo zotsatira zake usadzabwere nazo kwa ine. Auzeni a boma la kumeneko kuti imodzi inasweka. Kodi kwawoko mbale sizisweka?

Mnyamatayo umuuze za mayi wake. Maliro sabisa.

Ndine mayi wako,
Keziah

Ndende ya ku Nacala
21 Epulo 2023

Asisi Febby,

Moni. Sopo ndi juzi ndalandira, zikomo.

Ba Chibwe abwera kachiwiri manja ali m'thumba. Ndawafunsa za kunyumba, akuyang'ana kudenga. Ndawafunsa ngati anaona Amama, akuti anafika mothamanga. Munthu amene uja ndi wolongolola, amatha kukamba za tayala limodzi kwa ola lathunthu, lero wasanduka bubu. Mwawauza kuti abise chiyani?

Ndanena ndi mtima wanga masiku onsewa, ndipo ndikuuzani zimene ndapeza. Mwagulitsa. Wolemera wina wa ku Kabulonga wakuuzani mtengo wake, inu mwaona malata atsopano ndi fizi ya ana. Kukulunga mbale khumi ndi ziwiri ndi ntchito ya ola limodzi, inu mwatha mwezi ndi theka mukuti muli ndi zokonza. Ngati ndi choncho nenani, ndileke kuwerenga masiku pakhoma. Muno tilimo anthu makumi anayi m'chipinda chonga khitchini yanu. Mphere zandigwira mpaka m'zala, ndipo wogona pafupi nane akutsokomola magazi. Inu mukugona pabedi.

Sindikukhulupiriraninso. Kapepala kali m'munsika ndi ka Amama, muwawerengere monga kalili, ndipo ndidzawafunsa.

Amama, ndine Gilson. Ndakulakwirani. Mbale zija si zanga, ndipo zandiika m'mavuto. Asisi akuchedwa nazo, inu ndiye amakumverani. Alamuleni azipereke kwa ba Chibwe. Ndikatuluka ndibwera kudzakhala konko, ndatopa nako kutchire. Ndidzakukonzerani mpopi wa kubafa uja ndi kukuperekezani kutchalitchi Lamulungu lililonse. Musalire, mumwe mankhwala anu.

Gilson

Kabwata, Lusaka
8 Meyi 2023

Gilson mlongo wanga,

Moni. Khala pansi usanapitirize, ndipo ngati muli munthu wachifundo m'chipindamo umuitane akhale pafupi nawe.

Kapepala kako sindinawawerengere Amama chifukwa Amama kulibe. Anamwalira pa 19 Febuluwale m'mawa, patangopita masiku khumi iwe utagwidwa. Anagwa akuchokera kubafa, pofika kuchipatala anali atapita. Sanavutike nthawi yaitali. Tinawaika pa 22 ku Leopards Hill, anthu anadzaza mabasi atatu. Ndi chifukwa chake ndinkakuimbira. Ba Chibwe ndinawapempha ndine kuti atseke pakamwa, usawade. Ndinalakwa kubisa, ndinkaopa kuti udzipweteka. Koma kunditcha wakuba, iwe, pamene ndikuyenda ndi nsapato zong'ambika chifukwa cha iwe, zimenezo ndazisunga, tidzakambirana ukatuluka.

Mbale zinali m'kabati ya Amama, ndiye pogawa katundu zinagawidwa ngati za Amama. Ndani akanadziwa? Zitatu zinatsala kuno. Zinayi zachokera ku Katete, amama aang'ono anachita kukawalanda amalume.

Zinayi zina zinali kwa Cathy. Ndinapita ku Woodlands katatu. Kawiri wapageti ankati adona kulibe, galimoto ndikuiona. Kachitatu ndinakhala pamwala kunja kwa geti kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, mpaka anachita manyazi ndi aneba n'kundilowetsa. Mbale zako anazipachika pakhoma la pabalaza ndi timawaya.

Anati, "Ba Febby, ine sininabe. Munanipasa mweka pa malilo, pamenso pa bantu. Manje kuli muzungu ku Kabulonga anaziona, akamba ati ni vintu vakudala maningi, vakale-kale, afuna kugula. Nichite bwanji?"

Ndinati, "Cathy, Gilson ni m'bale wako. Azafela mu jele."

Anati, "Nanga ndine ninamutuma kuba?"

Ndinagwada, Gilson. Ine, pa matailosi a Cathy amene ndinkamusambitsa ali mwana. Anatembenukira kuwindo n'kunena kuti, "Nipaseni kabati ija ya matabwa ya mukwa. Ni batate banapanga na manja yao, pamene benze bakali na mphamvu. Kuchokela nili mwana nimaifuna, koma nenze kuyopa kupempha."

Waona? Iwe unkati amaiyang'ana moinyoza, pamene mnzako ankaisirira. Kabati inapita Loweruka pa kagalimoto ka hayala. Pabalaza patsala chizindikiro chake pakhoma, ndipo makapu a Amama ali m'katoni.

Ndiye ndili nazo khumi ndi imodzi, zonse zamoyo, nambala zikuoneka. Yotsalayo ndi ya gwape. Amama ankadyeramo phala tsiku lililonse, ankaiombera ndi chikhadabo kuti alendo amve kulira kwake, n'kumati mwana wanga ali kunyanja. Amama aang'ono anaiswera pamanda mwa mwambo wa kwathu, ndipo andiletsa kukhudzapo. Funsa loya wakoyo ngati khumi ndi imodzi sizingakwane. Umuuze kuti inayo ili ndi mwini wake.

Lira, mlongo wanga, usadzigwire. Ine ndalira kale mbali yanga.

Febby

Ndende ya ku Nacala
22 Meyi 2023

Asisi,

Moni. Ndawerenga. Masiku atatu sindinadye, mkulu wina wa ku Angonia amene amamva chinenero chathu ndiye wakhala akundigwira dzanja. Amama anaikidwa ine ndikukangana ndi anthu za malo ogona. Ndikhululukireni mawu aja. Ndilibe poyambira, ndingoti ndikhululukireni.

Loya anabwera dzulo. Ndinamufotokozera zonse kudzera mwa mkulu yemweyo. Akuti aliyense wogwidwa ndi zinthu zimenezi amanena kuti inasweka, ndipo khoti linatopa nawo mawu amenewo. Akuti mbale imodzi yotere kunja imagula galimoto, ndiye khumi ndi imodzi kwa iwo ndi umboni woti imodzi ndinadya. Koma akuti ngati inaswekadi, zidutswa zibwere. Mayi wa zakale uja ali ndi chithunzi chake, akaona nambala ndi gwapeyo avomereza. Nambala yake ndi 2417.

Asisi, ndikupempha chinthu chimene mwana sapempha. Ndayesa kulemba kuti zisiyeni, ndang'amba mapepala awiri, chifukwa likanakhala bodza. Ndikuopa. Amene ankatsokomola pafupi nane uja anamutulutsa Lachiwiri atamukulunga m'bulangete lake. Sindikufuna kufera muno. Ndinawapatsa Amama chinthu chakuba, anachikonda, ndipo tsopano ndikutuma inu kukawalanda ali m'manda. Ndikudziwa chimene ndili. Mukakana sindidzakudandaulani, ndipo nkhani iyi sindidzaitchulanso.

Ba Chibwe akuti anyamuka ku Lusaka pa 4 Juni. Umenewo ndi ulendo womaliza mlandu usanalowe.

Mlongo wanu,
Gilson

Kabwata, Lusaka
3 Juni 2023

Gilson,

Moni. Ndapita.

Ndisanapite ndinawaimbira amama aang'ono, apongozi awo amve asamve. M'banja muno wakuba mmodzi wakwana, ine sindinafune kukatenga mozemba. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati ngati ndikhudza manda a mkulu wawo ndisadzapondenso pakhomo pawo, ndipo maliro awo ndisadzalire. Anadula foni. Mayi amene ndinatsala naye ndi yemweyo, ndiye udziwe mtengo wa katoni imene ikubwerayi.

Ndinakwera minibasi dzulo m'mawa, ndekha, nditatenga supuni ndi mpango wa Amama wa Chigwirizano. Manda achuluka kwambiri chiikireni, ndinasochera kawiri. Nditapapeza, nkhata zinali zitauma, dothi litatitimira ndi mvula ya Malichi. Pamwamba pankaoneka zidutswa ziwiri zokha. Ndinagwada n'kuwauza Amama zonse monga mmene ndinkawauzira tikusenda nyemba. Ndinati, Amama, mwana wanu uja wapusanso, ndabwera kudzabwereka mbale yanu. Kenaka ndinayamba kufukula.

Ndili mkati mofukula ndi supuni, mayi wina amene ankalimira manda apafupi anaima ndi khasu lake. Anati, "Imwe amai, mufuna chani pa manda ya bantu? Ndimwe ba mankhwala?" Anayamba kuitana anzake. Ukudziwa zimene anthu amamuchita munthu wogwidwa akutola za kumanda. Anabwera anayi, mmodzi atatola kale mwala. Ndinatulutsa chitupa changa n'kuwaonetsa dzina pa kachikwangwani. Ndinati, "Aba ni amai banga. Mwana wao ali mu jele, bafuna mbale iyi kuti bamuchose." Anayang'anizana. Wa khasu uja anati, "Shuwa dziko yasila, yatha ndithu," koma mwala unagwa pansi, ndipo iye anakhala chapatali kundilondera mpaka ndinamaliza.

Ndapeza zidutswa zisanu ndi ziwiri. Cha kunsi chilipo, nambala ikuwerengeka. Ndaziyala pathebulo, zikugwirizana, kungotsala kabowo konga chikhadabo m'mphepete. Kameneko kanalowa pansi kwambiri, ndipo supuni itafika pamene dothi linayamba kufewa ndinaleka. Kupitirira pamenepo sindikanatha, ngakhale chifukwa cha iwe. Sindinazitsuke, monga unanenera.

Zonse zili m'katoni, zidutswa zili mu mpango pamwamba. Ba Chibwe akuti aiika pampando wakutsogolo n'kuimanga lamba ngati munthu. Manja anga akununkhabe dothi lija, ndasamba kanayi. Undilembere msanga.

Febby

Ndende ya ku Nacala
19 Juni 2023

Okondedwa asisi,

Moni kwa inu ndi ana. Ba Chibwe anafika pa 13, atagona masiku awiri pamalire chifukwa cha mzere wa mathiraki. Akuti usiku wonse katoni ankagona nayo m'manja.

Mlandu unalowa pa 15. Mayi wa zakale uja anamasula mbale imodziimodzi pathebulo la khoti, akuwerenga nambala, mlembi akuchonga. Ina anainunkhiza n'kukwinya mphuno, ndinadziwa kuti ndi ya fodya wa amalume. Atafika pa mpango anamasula pang'onopang'ono, nayala zidutswa pafupi ndi chithunzi. Gwape anakwana. Anafunsa kuti dothi lofiirali lachokera kuti, poti m'nyanja mulibe lotere. Ndinaimirira n'kufotokoza zonse, womasulira akutembenuza. Ndinati ndi dothi la manda a mayi anga, ndipo amene anakafukula ndi mlongo wanga, ndi supuni. Mayiyo anafunsanso kuti gogoyo ankadyeramo chiyani. Ndinati phala lothira nsinjiro. Analemba zimenezo m'kabuku kake, sindikudziwa chifukwa chake.

Woweruza wandipatsa chaka ndi theka, kuwerengera tsiku limene anandigwira, kenaka adzandiperekeza pamalire. Kampani yandichotsa ntchito. Andisamutsira chipinda china cha anthu ochepa ndipo ayamba kundipatsa mankhwala a chifuwa. Mwandichotsera zaka zisanu ndi chimodzi ndi theka, asisi, ndipo ndilibe mawu okwana. Mpango andibwezera, ndili nawo.

Amama aang'ono ndawalembera ndekha, kalata yawo ili m'kati mwa iyi. Ndawauza kuti dzanja linali lanu koma wotuma ndine, mkwiyo wawo ubwere kuno. Kaya amva, kaya sadzamva.

Ndili ndi pempho limodzi lotsiriza, ndipo ili si lakuba. Amama anali ndi mbale yachitsulo ya mkombero wofiira, yosupuka pansi, imene ankadyeramo zaka zonse ndisanawasokoneze ndi zanga. Sindikhulupirira kuti pogawa katundu alipo anaisirira. Ngati ili m'katoni ya makapu, isungeni. Musakaiike pamanda inu. Ndikatsika basi ku Intasite mu Ogasiti chaka chamawa, tisadzapite kunyumba. Mudzabwere nayo pamodzi ndi msomali ndi hamala, mudzandionetse pamene agona, ndidzaiboole ndekha n'kuwasiyira, poti yachitsulo siisweka ndi mwala.

Yatsala miyezi khumi ndi inayi. Mpaka tsikulo Amama alibe podyera, ndipo amene anawalanda ndine.

Mlongo wanu,
Gilson